Alamu ya utsi ikulira, breka ikugwa: chovuta chili pati?

Mayi wina wakwathu, amene amagwira ntchito ya usiku yosamalira okalamba kuno ku America, anandiimbira foni m'mawa wa Loweruka lina m'nyengo yozizira. "Achimwene, tabwerani mudzaone magetsi kuno. Kuzipinda zogona kukungothimathima, ndiye tinthu takudenga tija tatisowetsa mtendere." Nditafika ndinapeza maalamu atatu ali m'kabati ya kukhitchini, atakulungidwa m'thaulo, mabatire atachotsedwa. Pasiling'i panangotsala timapulagi toyera tikulendewera pamawaya. Ndinawafunsa kuti zakhala chomwecho kwa nthawi yaitali bwanji. Anati milungu itatu. Milungu itatu yathunthu, ana awiri akugona m'nyumbamo ndi agogo awo, mayi ali kuntchito mpaka kucha.

Sindinawadzudzule. Munthu amene waweruka 7 koloko m'mawa, tulo tili m'maso, ndiye kenakake kakungoti tswi! tswi! pamutu pake mphindi iliyonse, amachita chilichonse kuti kakhale chete. Komanso munthu wina wokonzakonza za m'nyumba anali atawauza kale kuti vuto ndi "breka yamakono ija", ndipo analonjeza kuti akadzapeza mpata adzaizula n'kuikapo breka wamba. Mawu amenewa ndawamva kambirimbiri, ndipo ndi amene andichititsa kuti ndilembe izi. Alamu ndi breka zonse n'zofunika, lamulo limazifuna zonse ziwiri palaini imodzi, ndipo kawirikawiri pa ziwirizi palibe cholakwa. Cholakwa chimakhala chitabisala penapake m'mawaya, kapena chili pasoketi.

Mmene ziwirizi zimakhalira pamodzi

Alamu ya utsi yolumikizidwa kumagetsi a m'nyumba ili ndi mawaya atatu kumsana kwake. Wakuda ndi wobweretsa magetsi a 120 V, woyera ndi neutral wobwezera magetsiwo, ndipo wachitatu, amene nthawi zambiri amakhala wofiira kapena wa olenji, ndi wolankhulirana. Alamu imodzi ikamva utsi imatumiza kamphamvu kochepa pawaya wachitatuyu, ndipo maalamu onse m'nyumba amalira nthawi imodzi. N'chifukwa chake moto ukayamba pansi m'basement, wogona kumwamba amadzuka utsi usanam'peze. Mkati mwa alamu mulinso batire, ntchito yake ndi kugwirizira magetsi akathima basi.

Breka yamakono ija, imene imatchedwa AFCI, imasiyana ndi breka wamba. Breka wamba imagwa mukaisenzetsa katundu wambiri kapena pakachitika shoti yaikulu. AFCI imachitanso zomwezo, koma mkati mwake muli kakompyuta komamvetsera ngati magetsi akulumpha n'kumathetheka penapake: pawaya amene wabooledwa ndi msomali, pasikuluwu yomwe yamasuka kumbuyo kwa soketi, pachingwe cha nyale chimene chapanidwa ndi mwendo wa bedi. Kuthetheka koteroko kumatha kuyatsa thabwa la m'khoma pamene breka wamba ikuona ngati zonse zili bwino. GFCI, chipangizo china chodula magetsi chimene chimakhala mubreka kapena pasoketi, nayo ili ndi ntchito ina: imayerekeza magetsi otuluka ndi obwerera, ndipo pakasowa timagetsi tochepa kwambiri, mA 4 mpaka 6 (mA 1,000 ndiwo ampu imodzi), imadula pomwepo poganiza kuti akudutsa m'thupi la munthu. Anzathu a ku Joni amaidziwa m'bale wake wa GFCI ndi dzina loti earth leakage, a ku UK amati RCD.

Ndiye taonani mmene vutoli limayendera. Breka yagwa. Maalamu sanena kanthu, angosamukira pabatire mwakachetechete. Ngati palainiyo palibe nyale imene mumayatsa tsiku ndi tsiku, simudziwa. Masiku akupita, batire likudyeka. Likatsala pang'ono kutha, alamu imayamba kulira kamodzikamodzi, ndipo imakonda kuyamba cha m'ma 3 koloko m'bandakucha, chifukwa nyumba ikazizira batire lofooka limatsika mphamvu. Mukuika batire latsopano, pakapita kanthawi lathanso. Apa m'pamene anthu amati alamuyi ndi yowonongeka, n'kuizula.

Zimene lamulo limanena

Buku la malamulo a zamagetsi ku America ndi National Electrical Code, kapena NEC, lolembedwa ndi bungwe loona za kupewa ngozi za moto la NFPA, ndipo limakonzedwanso zaka zitatu zilizonse. Nkhani ya AFCI ili pa gawo 210.12. Inalowa m'buku la 1999 n'kuyamba kugwira ntchito pa 1 January 2002, poyamba ikukhudza masoketi a m'zipinda zogona okha. Buku la 2002 linakulitsa: silinanenenso za masoketi okha koma malo alionse m'chipinda chogona pamene chipangizo chimatengera magetsi. Mawu amene bukulo limagwiritsa ntchito ndi "outlet", ndipo apa m'pamene ambiri amasokonekera, chifukwa pakamwa pa anthu outlet ndi soketi. Mu NEC si choncho. Bokosi la nyale pasiling'i ndi outlet. Bokosi la alamu ya utsi nalonso ndi outlet. Choncho alamu ikakhala m'chipinda chogona, laini yoidyetsa iyenera kukhala pa AFCI, ngakhale lainiyo itakhala ya maalamu okhaokha. Buku la 2008 linawonjezera pabalaza, makonde a mkati, chipinda chodyera ndi zina, ndipo la 2014 linafika kukhitchini ndi kochapira zovala.

Nkhawa ya anthu ndi yomveka: bwanji ngati moto womwewo wagwetsa breka, alamu n'kukhala yopanda magetsi? Yankho lili m'buku lina la bungwe lomwelo, NFPA 72, mutu 29, umene umanena za maalamu a m'nyumba zokhalamo anthu. Limalola kuti alamu ikhale palaini ya AFCI kapena GFCI, bola ikhale ndi batire logwirizira. Batirelo liyenera kukwanitsa kuyendetsa alamu masiku 7 magetsi atathima, n'kutsalabe ndi mphamvu yoliza mphindi 4. Malamulo a zomangamanga a IRC, amene zigawo zambiri zimatsatira, amawonjezera kuti alamu ikhale m'chipinda chogona chilichonse, ina panja pafupi ndi zipindazo, ina pansanjika iliyonse kuphatikizapo basement, zonse zolankhulirana, ndipo palaini yake pasakhale switchi ina iliyonse kupatula breka.

Nanga mawu oti alamu ya moto siiloledwa pa AFCI amachokera kuti? Si bodza lenileni, ndi lamulo loona limene laikidwa pamalo olakwika. Pa magawo 760.41 ndi 760.121 a NEC palembedwadi kuti laini yodyetsa "fire alarm system" isadutse pa AFCI kapena GFCI. Koma imeneyi ndi makina athunthu okhala ndi bokosi lake lowalamulira, mabatire ake akuluakulu, ndi tizipangizo tomva utsi tomwe timatumiza uthenga kubokosilo, monga mumaona m'mahotela, m'masukulu ndi m'nyumba zina zazikulu. Ndiponso kuti lainiyo ikhale yopanda AFCI m'nyumba yokhalamo anthu, mawaya ake ayenera kuyenda m'mapaipi achitsulo kapena m'chingwe chokutidwa ndi chitsulo, mabokosi akenso achitsulo. Kambale koyera ka pasiling'i panu kamene kamamva utsi n'kulira kokha si kameneko. Wina akakuwerengerani 760 pofuna kuzula AFCI ya kuchipinda, m'funseni kuti bokosi lolamulira lili kuti.

Ziwiri zoti muzisunge. Chigawo chilichonse cha America chimasankha chokha buku la chaka chimene chikutsatira, ndipo zina zinachepetsa zofuna za AFCI, choncho mawu omaliza amakhala a ofesi yoyendera zomangamanga ya kwanuko. Chinanso, nyumba yakale siikakamizidwa kusintha mabreka pongoti buku latsopano latuluka, koma mukakoka laini yatsopano, kapena kutalikitsa yakale kupitirira mafiti 6, lamulo latsopano limakugwirani.

Yambani ndi khutu

Musanagwire chilichonse, mverani kaliridwe. Kulira katatu mokweza, kupuma, katatu kenanso, ndiye kuti yamva utsi. Tulutsani anthu kaye, zofufuza pambuyo. Kanayi kanayi, pa maalamu amene amamvanso mpweya wa carbon monoxide, ndiye kuti mpweyawo ulipo. Sununkha, suoneka, ndipo umapha munthu ali m'tulo, choncho tulukani n'kuimba 911. Koma kakuti tswi kamodzi, patapita masekondi 30 kapena mphindi kenanso, si ngozi ya pompopompo. Ndi batire, kapena alamu yakalamba, kapena yadzipeza ndi vuto mkati.

Kenako yang'anani m'mwamba. Maalamu ambiri a magetsi ali ndi kanyale kobiriwira kamene kamayaka osathima magetsi akamafika. Kakathima pa alamu imodzi yokha, ganizirani kapulagi ka kumsana kwake, mwina sikanalowe mpaka kuti khethe, kapena waya wamasuka m'bokosi. Kakathima pa onse, pitani kubokosi la mabreka. Breka yogwa nthawi zambiri siipita mpaka ku OFF, imaima pakati, ndipo m'basement ya mdima simungaione msanga. Ikankhireni kaye ku OFF mwamphamvu, kenako ku ON. Musanatero, onani ngati ili ndi kanyale kapena kawindo kosonyeza chimene chaigwetsa. Opanga mabreka monga Square D, Eaton ndi Siemens aliyense ali ndi njira yakeyake yosonyezera, choncho werengani pepala la breka yanuyo. Kudziwa ngati yagwa chifukwa cha kuthetheka, kuthawira kwa magetsi ku ground (waya wachitetezo wopita kunthaka) kapena kulemedwa kumadula ntchito pakati.

Ngati magetsi akufika, batire ndi latsopano, koma kulira sikukutha, tsitsani alamu, zulani kapulagi, chotsani batire, dinani batani la TEST kwa masekondi 15 mpaka 20 kuti kamphamvu kotsalira kathe, n'kubwezera zonse. Pomwepo tembenuzani muone deti limene inapangidwa. Ikakwana zaka 10 kuchokera pa detilo, yatha ntchito, kaya ikuoneka yatsopano bwanji. Batani la TEST limangotsimikiza kuti belu, batire ndi tizipangizo ta mkati zili moyo. Silingakuuzeni kuti mphuno yake yafooka.

Breka ikagwanso

Apa mpofunika kuleza mtima, ndipo gawo loyambali mutha kulichita nokha popanda kutsegula chilichonse. Zulani zonse zimene zili m'masoketi a lainiyo, thimitsani nyale zonse, dzutsani breka. Ikagwa nthawi yomweyo popanda chilichonse choyaka, vuto lili m'mawaya a nyumba kapena mubreka momwemo. Isiyeni, itanani wamagetsi wa chiphaso. Ikakhazikika, yambani kubwezera chimodzichimodzi. Yatsani nyale ya chipinda choyamba, dikirani. Yachiwiri. Kenako TV, chaja, fani, hita.

Ikamagwa pa chinthu chimodzi chokhachokha, mwam'peza mwini nkhani. M'nyengo yozizira kawirikawiri ndi hita. Hita wamba imadya mawati 1,500, omwe ndi maampu 12.5, pamene breka ya kuchipinda nthawi zambiri ndi ya maampu 15. Mukawonjezera ayironi kapena choumitsira tsitsi, breka iliyonse ingagwe, yamakono kapena yachikale. Makina opopera fumbi ndi makina othamangirapo nawonso amavuta, chifukwa mota zake zimathetheka pang'ono mwachibadwa ndipo mabreka ena akale a AFCI amalephera kusiyanitsa. Zingwe zowonjezera zotsika mtengo zimene zadutsa pansi pa kapeti ndazipeza zitapsa mkati kangapo konse. Pamenepo breka siinalakwe. Yaona chimene inu simunachione.

Koma pali kagwedwe kena kamene kamazunguza mutu. Breka imakhala bwinobwino popanda katundu, koma mukangoyatsa china chilichonse chodya magetsi ochulukirapo, kaya ayironi pasoketi iyi, kaya hita pasoketi ina, yagwa. Chinthu chomwecho mukachipititsa kulaini ina chikugwira ntchito popanda vuto. Mukaona zimenezi, ganizirani kuti neutral wakhudzana ndi ground penapake, kapena maneutral a malaini awiri amangidwa pamodzi. Mabreka ambiri a AFCI, makamaka akalewo, amayang'aniranso magetsi othawa, ndipo pakasowa pafupifupi mA 30 amadula. Neutral akagundana ndi waya wa ground, magetsi obwerera amagawikana njira ziwiri, breka imaona kuti obwerera ndi ochepa, n'kugwa. Breka wamba siingazindikire zimenezi n'komwe, ndipo n'chifukwa chake munthu akaikapo breka wamba amati "ndakonza". Sanakonze kanthu. Wangotseka pakamwa mboni.

Zimenezi n'zimene ndinapeza kwa mayi aja. Nditathimitsa laini n'kutsimikiza ndi mita kuti yafadi, ndinatsegula bokosi la alamu ya pakhonde la mkati. Bokosi laling'ono, mawaya thoo: chingwe chochokera kubreka, china chopita kuchipinda cha ana, china cha mayi. Amene anasintha alamuyo kale anasenda waya woyera motalikitsa, kotero kuti kachidutswa ka kopa kotalika ngati chikhadabo kanatsala panja pa kachipewa komangira mawaya. Waya wa ground, umene kuno umakhala wosavala, unapindidwa n'kukankhidwira pomwepo. Sizinkagundana nthawi zonse. Munthu akamenyetsa chitseko, kapena matabwa a kudenga akakokana ndi kuzizira, zinkakhudzana, ndipo hita ya agogo ikayaka, breka pansi. Ntchito yokonza inali ya mphindi zochepa. Kufufuza ndiko kunadya theka la tsiku.

Mukuona apa chifukwa chake anthu amanamizira alamu. Vuto limapezekadi m'bokosi lake, popeza ndi bokosi limene limatsegulidwatsegulidwa ndi anthu osiyanasiyana, ndipo lili ndi mawaya ambiri. Koma alamu payokha imadya magetsi ochepa kwambiri moti siingagwetse breka pokhapokha itapsa mkati. Kuti mutsimikize, wamagetsi amazula timapulagi ta maalamu onse n'kuona ngati breka ikugwabe. Ikagwabe, maalamu alibe mlandu.

Cholakwa china chimene ndimakumana nacho chimabwera munthu akamaliza basement kuti achibale azigonamo, zimene ife timachita kwambiri. Akufuna alamu yatsopano izilankhulana ndi zakumwamba, ndiye amakoka chingwe kuchokera kumwamba, koma magetsi n'kutenga palaini ya m'basement, mawaya oyera onse n'kuwamanga pamodzi. Malaini awiri tsopano akugawana neutral. Mabreka awiri amayamba kugwa mosinthana, popanda dongosolo. Maalamu onse olankhulirana ndi waya ayenera kudya palaini imodzi, mabuku a opanga amanena zimenezi momveka. Ngati kukoka chingwe n'kovuta, alipo maalamu olankhulirana popanda waya, ndipo malamulo a IRC amawavomereza. Musasakanizenso mitundu mwachisawawa: Kidde ndi First Alert sizilankhula chinenero chimodzi nthawi zonse, onani pabuku mitundu imene yalembedwa kuti ingagwirizane. Pagulu limodzi lotere musapitirire maalamu a utsi 12, ndipo zipangizo zonse pamodzi ndi za carbon monoxide ndi zomva kutentha zisapitirire 18. Waya wofiira uja asakhudzane ndi wakuda ngakhale kamodzi, chifukwa 120 V ikalowa mmenemo imatha kuwononga maalamu onse pamzerewo.

Misomali nayo. Wina akhoma chithunzi cha ukwati, kapena TV pakhoma, sikuluwu yaitali n'kuboola chingwe. Breka ikayamba kugwa mlungu womwe mwakhoma kanthu, muuzeni wamagetsi zimenezo akangofika, mum'pulumutsa maola ambiri ndipo inunso ndalama.

Breka yeniyeniyo imatha kufa, inde, koma imeneyi ndiyo yomaliza kuiganizira. Ikapezeka kuti ndiyo, m'malo mwake mulowe AFCI ina yovomerezeka pabokosi lanulo.

Alamu ikhale palaini iti

Pano ndinena maganizo anga, ndipo amagetsi ena sagwirizana nane. Ena amakonda kupatsa maalamu laini yawoyawo, amati kuti hita kapena ayironi isamawagwetsere breka. Ndikumva. Koma laini yotero ikagwa, palibe chothima m'nyumba, palibe wodandaula, aliyense akungokhala. Mumadzadziwa mabatire atatha. Ine ndimakonda kuika maalamu palaini ya nyale zimene banja silingakhale popanda, monga ya pakhonde la mkati kapena ya kuchipinda kwa makolo. Breka ikagwa madzulo, wina adzayatsa nyale, mdima bii, ndipo pasanathe mphindi zisanu adzakhala ali kubokosi. NEC siiletsa zimenezi, kupatula pamene malamulo a m'deralo anena zina. Chachikulu n'choti alamu itengere magetsi kutsogolo kwa switchi, osati kumbuyo kwake. Ndinapezapo alamu imene inkalandira magetsi pokhapokha nyale ya pakhonde ikayaka, eni ake akudabwa kuti mabatire akuthera chiyani.

Za GFCI ndiye ndimakaniratu ngati pali njira ina. M'basement ndi m'garaja masoketi amakhala a GFCI, ndipo munthu waulesi amatengera magetsi a alamu kumbuyo kwa soketi yoteroyo chifukwa ili pafupi. Chinyezi chikalowa mufiriji yakale kapena pasoketi ya panja, GFCI yadula, alamu yatsala pabatire, ndipo kabatani kodzutsira kabisika kuseri kwa makatoni. NFPA 72 imalola, monga ndanena, koma mabuku a makampani ambiri opanga maalamu amanena kuti laini yake isakhale yodulidwa ndi switchi, dimmer kapena GFCI, ndipo NEC pa 110.3(B) imalamula kuti malangizo a wopanga atsatidwe. Werengani buku la alamu yanu musanalole zimenezi.

Pali kuliranso kwina kumene anthu amakusokoneza ndi nkhani ya breka: alamu yolira mokweza popanda moto. Kumeneko n'kwa malo ndi fumbi. Ife timaphika zenizeni, timakazinga nsomba, timapsereza anyezi, nsima imafuna moto waukulu. Alamu ikhale mamita 3 kapena kuposa kuchokera pachitofu, ndipo yamtundu wa photoelectric imapirira utsi wa kukhitchini kuposa ya ionization. Isayandikire khomo la bafa kuchepera mafiti 3, chifukwa nthunzi imaipusitsa. Pagulu lolankhulirana, imene yayambitsa imaphethira kanyale kofiira mofulumira, zinazo zimangotsatira. Itsitseni imeneyo, muipope fumbi ndi ukonde wa kangaude. Utsi wa kukhitchini ukaiutsa, dinani batani lotontholetsa n'kutsegula mawindo. Batire lisachoke. Kafukufuku wa NFPA amasonyeza kuti mwa anthu asanu alionse ofa ndi moto wa m'nyumba ku America, pafupifupi atatu amafera m'nyumba zopanda alamu kapena zimene alamu yake sinalire. Chakudza sichiimba ng'oma, ndipo kambale kameneka ndi ng'oma yokhayo imene muli nayo usiku.

Ngati muli pa lendi, komanso amene muli kwina

Nyumba ikakhala ya eni, musatsegule mabokosi kapena kusintha breka. Lembani uthenga, osangoimba foni, wonena tsiku limene breka inagwa, kangati, ndi chimene chinali choyaka. Jambulani bokosi la mabreka. Podikira kuti abwere, gulani alamu ya batire lokhalitsa zaka 10 muiike pakhonde la kuzipinda usiku womwewo. Mtengo wake ndi wochepa, ndipo mukasamuka mupita nayo.

Abale a ku UK, mayina ndi ena koma mfundo ndi yomweyi. Kumeneko BS 5839-6, buku la malamulo a maalamu a m'nyumba, imalola kuti maalamu a magetsi okhala ndi batire logwirizira adye palaini yawoyawo kapena palaini ya nyale zogwiritsidwa ntchito kawirikawiri, ndipo kuyambira buku la 18 la malamulo a zamagetsi a BS 7671, la 2018, malaini a nyale m'nyumba ayenera kukhala pa RCD ya mA 30. Vuto lanu lalikulu ndi bokosi limene RCD imodzi imasenza malaini angapo: ketulo ikachita shoti kukhitchini, maalamu nawonso athimitsidwa. Wamagetsi atha kuika RCBO, breka yokhala ndi RCD yakeyake, kuti laini iliyonse izidzigwera payokha. Ku England mwininyumba ya lendi ayenera kuika alamu pansanjika iliyonse yokhalamo anthu, ndipo kuyambira October 2022 ayenera kuikonza mukam'dziwitsa kuti yafa. Ku Scotland, kuyambira February 2022, nyumba iliyonse iyenera kukhala ndi maalamu olankhulirana.

Ndipo inu amene mukumanga kumudzi n'kumatumiza katundu m'makontena: alamu ya magetsi yogulidwa ku America ndi ya 120 V, pamene magetsi a ESCOM ndi 230 V. Mukailumikiza ipsa. Ya ku UK ingagwirizane, koma kumbukirani kuthimathima kwa magetsi kwathu. Batire limene linapangidwa kuti lizingogwirizira mwa apo ndi apo lizigwira ntchito pafupipafupi, choncho lizitha msanga. Ngati nyumbayo ili ndi sola, dziwaninso kuti opanga amachenjeza kuti alamu isadye pa inveta ya modified sine wave, imatenthetsa tizipangizo ta mkati. Kunyumba ya ku Area 25 kapena ku Chilomoni, ine ndingatumize ya batire lokhalitsa zaka 10, yosafuna waya konse.

Kwa mayi aja, nditamanga bwino mawaya ndinatembenuza maalamu atatu aja. Awiri anali atapitirira zaka 10, choncho tinapita limodzi kukagula atatu atsopano amtundu umodzi. Hita ya agogo tinaisamutsira pasoketi ya laini ina, chifukwa ngakhale vuto la neutral linatha, ya kuzipinda inali yolemedwa kale. Pachitseko cha bokosi la mabreka ndinalemba ndi cholembera chakuda pambali pa nambala yake: ZIPINDA NDI MAALAMU, IKAGWA IMBANI. Kenako ndinaitana ana ndi agogo pakhonde, ndinauza wamkulu kuti akwere pampando adine TEST. Onse atatu analira pamodzi, wamng'ono anatseka makutu, ndipo agogo anati, "Bambo, kameneka ndiye kangandidzutse." Ndinawafunsa kuti akamva kulira koteroko usiku atulukira khomo liti, ndipo akakumana pati. Anasankha pamtengo wa kutsogolo, pafupi ndi bokosi la makalata.